Geti la kwa Matchona

1974: Simlemba

Ana anga, za ubwana wanga ndizilumpha. Agogo anu anakusimbirani kale, ndipo anathiramo ndi mchere wawo womwe ine sindiukumbuka. Ndiyambira tsiku lomwe boma linandipatsa njinga, chipewa cha khaki ndi dzina loti mlangizi, n'kunditumiza ku Simlemba kukaphunzitsa anthu kulima fodya ndi chimanga. Ndevu zanga zinali zowerengeka, pamene alimi omwe ndinkawalangizawo anagwira khasu ine ndisanabadwe. Ankandilandira bwino ndithu. Ankandipatsa mpando, kumvetsera mpaka ndimalize, kuwomba m'manja, ine ndikangokwera njinga iwo n'kubwerera ku zomwe ankachita kale. Poyamba zinkandiwawa, koma m'kupita kwa nthawi ndinatolapo nzeru yomwe inandithandiza moyo wanga wonse wa pantchito: munthu wa kumudzi sakana boma ndi pakamwa. Amavomera, kenako osachita. Tsono ukadzamva akukana mokweza, maso ali pa iwe, udziwe kuti pali china chachikulu.

Bwana wanga kumeneko anali a Kaphale, munthu wamtali, woonda, wa malaya osakwinyika ngakhale atayenda pafumbi tsiku lonse. Ankakonda zinthu zowongoka. Mzere wa fodya ukakhota pang'ono, ankaima kumutu kwa munda n'kutseka diso limodzi ngati mlenje, iwe n'kudziwiratu kuti lero sudya bwino. Sanali munthu woipa, ndipo ndikufuna mumve zimenezi msanga, chifukwa kutsogoloku mudzafuna kuwada. Sankadya za alimi, sankanama, ndipo ndi iwo amene anandibwereka jekete tsiku lomwe ndinakwatira mayi anu. Vuto lawo linali limodzi: chinthu chikalembedwa ndi boma, kwa iwo chinali ngati chatsika kumwamba.

1979 mpaka 1980: mudzi wa papepala

Nthawi imeneyo nkhondo ya ku Rodeziya, komwe inu mwakula mukuti ku Zimbabwe, inali kumapeto. Anthu athu ambiri anali kumeneko. Ena anapita ali anyamata kukagwira ntchito m'mafamu a fodya a azungu, n'kukwatira konko, kubereka konko, kumudzi n'kungotsala dzina. Nkhondo inawatopetsa, ndipo mbiri inamveka yoti matchona ayamba kumanga katundu. Boma linaona patali. Munthu amene wakhala kunja zaka zonsezo akafika kwa amalume ake apeza munda ukulimidwa ndi ena, ndipo pamenepo pabuka ndewu. Choncho linakonza zoti ena mwa iwo apatsidwe malo atsopano, nyumba, ndi ntchito yomwe ankaidziwa kale, ya fodya.

A Kaphale anali atakwezedwa, ali ku boma la Kasungu. Anandiitanitsa, n'kuyala pepala lalikulu patebulo, m'makona atatsindika ndi makapu.

"A Mwale, onani apa. Banja lililonse nyumba ya njerwa, ya malata. Minda yawo ndi iyi. Mabalani ootchera fodya awa, mjigo apa, nazale m'mbali mwa damboli. Ndikufuna munthu woti akandiimirire kumeneko. Tchire simuopa?"

"Tchire sindiopa, bwana. Nanga mzere wazungulirawu n'chiyani?"

"Mpanda wa waya. Malowa ali pafupi ndi nkhalango ya nyama. Njovu siimva za waya, zimenezo tikudziwa, koma nguluwe ndi afisi tiwatchinga. Anthu athu avutika kokwanira, abwere agone tulo."

Ndinatuluka muofesimo ndikuyenda ngati nduna. Malowo anali kumadzulo, kupitirira midzi ya cha ku Lisasadzi, komwe msewu umatha n'kusanduka njira ya ngolo. Ine ndi mayi anu tinakakhala m'kanyumba ka udzu, iwe Chikondi uli wakhanda. Mchere ndi palafini tinkazitsata ulendo wa tsiku lathunthu, ndipo mayi anu ankati ndinawakwatira kuti adzalondere anyani.

Kumanga kwa chaka chimenecho musakufunse. Dizilo ankasowa, lole inkabwera ikafuna. Simenti ikafika, misomali kulibe. Misomali ikafika, amisiri apita kumaliro. Zitseko zinabwera mafelemu asanabwere, ndipo zinakhala miyezi zitatsamira mtengo ngati anthu odikira basi. Koma chinthu chimodzi chinafika msanga, njerwa ngakhale imodzi isanawotchedwe, ndicho geti. Linali lachitsulo, lolemera, lopakidwa penti wobiriwira, ndi loko wamkulu ngati chibakera. Linafulumira chifukwa simenti ndi malata zinkafuna potsekera, akuba angatithere. Kiyi ankasunga mlonda wathu, a Soko, nkhalamba yomva pang'ono koma yosagona pantchito. Pamtengo wa pafupi ndi getilo tinapachika chitsulo cha pulawo yakutha, choti a Soko aziimba poyamba ntchito ndi poweruka. Nyumba zitatha, zinaima m'mizere yowongoka moti a Kaphale atatseka diso lawo lija sanapeze chonena. Manambala a pazitseko ndinalemba ndekha ndi penti, ndipo ndinkawanyadira kwabasi.

Okutobala 1980: "Sitilowa"

Malole anafika masana, dzuwa likuswa mtengo. Pamwamba panali masutikesi, makina osokera, mawailesi okulunga m'mabulangete, ndi ana ambirimbiri olankhula Chishona, omwe ankatiyang'ana ngati alendo ndife. Amayi a m'midzi yoyandikana anabwera kudzaimba nthungululu. Ine ndinali nditavala jekete yangayanga tsopano, mawu olandirira alendo nditawaloweza sabata yonse. A Soko anatsekula geti mwaulemu, n'kuimba chitsulo chija ndi mphamvu zawo zonse kuti aonetse chisangalalo.

Chitsulo chitangolira, phokoso lonse la pamalole linazima. Mayi wina anakoka mwana wake n'kumubisa kumbuyo. Anthu anatsika mmodzimmodzi, koma m'malo molowa anaima chapatali, akuyang'ana waya, geti, mizere ya nyumba, n'kubwereranso ku waya. Nthungululu zinafota zokha. Ine ndinayankhula mawu anga onse mpaka kumapeto, chifukwa sindinadziwe china chochita. Nditamaliza, anatuluka bambo wina wa imvi, wa mapewa otambalala. Awa anali a Nkhoma, omwe kumeneko anali kapitawo pafamu, ndipo anzawo ankawamvera. Anavula chipewa.

"Bwana, tathokoza. Boma latikumbuka, Mulungu alidalitse. Nyumbazo n'zokongola, sitidagonemo zotere chibadwire. Koma sitilowa."

"Simulowa bwanji, bambo? Nyumbazi n'zanu."

"Tamva. Ife tikhala panopa."

Anatsitsa katundu pansi pa mitengo ya misuku, kunja kwa mpanda, n'kuyamba kumweta udzu wa tizisakasa. A Kaphale atamva anabwera okha pagalimoto. Sanakalipe, chifukwa iwo akakwiya mawu ankatsika m'malo mokwera. Anandiitanira pambali.

"A Mwale, m'maesiteti muno muli matenanti ochuluka omwe akugona m'zisakasa zodontha, ndipo nyumba izi akhoza kulowamo chokwawa. Nyumba za boma sizingakhale zopanda anthu mvula ikugwa. Mvula yoyamba ikagwa awa adakali panja, lole yomwe idawabweretsa idzawatenga, aliyense akafune kwawo. Mwamva?"

Ndinamva, ndipo ndinkadziwanso kuti ambiri mwa iwo kwawo koti n'kupitako analibe.

Chondizunguza mutu chinali chakuti ntchito sankakana. Tinali titachedwa kale kufesa, ndipo iwo ankadziwa zimenezo kuposa aliyense. M'mawa ankalowa, kukonza mabedi a nazale, kufesa, kuthirira ndi makheni, popanda wowakankha. Koma dzuwa likangopendeka, a Soko asanayandikire n'komwe chitsulo chawo, onse ankataya makheni n'kuthamangira kunja, amayi akuwerenga ana. Ndikafunsa chifukwa, yankho linali limodzi: "Kunja kuno kukupita kamphepo, bwana." A m'midzi anayamba zawo. Ena ankati matchonawo ndi onyada, ena ankati ali ndi zizimba zosalola kugona pansi pa malata. Ndinafika poitana mkulu wa mpingo kuti adzapempherere nyumbazo, poganiza kuti mwina akuopa mizimu ya pamalo atsopano. Matchonawo anabwera onse, anaimba bwino kuposa ife eni dziko, anati ameni, n'kubwerera pansi pa misuku. Ndinapsa mtima, sindibisa. Chaka chathunthu m'tchire, kulimbana ndi udzudzu ndi amisiri oledzera, kuti anthu adzasankhe kugona pansi pa mtengo?

Novembala 1980: a Nabanda

Mitambo inayamba kusonkhana, ndipo masana kunkatentha kwa mtundu uja wouza mlimi kuti anole khasu. Pakati pa matchonawo panali mayi wina wamasiye, a Nabanda, wamfupi, wosayankhulayankhula, ndi mwana wawo wamkazi Esnati, yemwe chifuwa chinamugwira chifukwa chogona pamphepo. Mayiwa anali ndi chizolowezi chimodzi. Madzulo alionse, anzawo akuphika, iwo ankakhala pachitsa pafupi ndi geti, chakunja, kuyang'ana a Soko mpaka akhome loko, n'kukhalabe pomwepo kanthawi. Tsiku lina ndinawapitira ndi mkwiyo wanga wonse.

"Mayi, mwanayu akutsokomola chonchi, nyumba yanu ili apo. Mukufuna afe kuti mudzati boma ndi loipa?"

Anandilozera pambali pawo.

"Alangizi, khalani pansi. Mwaima ngati mzungu."

Ndinakhala pansi, padothi.

"Kumene tachokako, nkhondo itakula, mzungu adazinga komponi yathu ndi waya ngati uyu. Adati akutiteteza. Geti lidali limodzi, nyumba zili m'mizere, chitseko chilichonse nambala yake. Dzuwa likamalowa chitsulo chinkalira, geti n'kutsekedwa, kiyi n'kupita kunyumba kwa mzungu. Lamulo lidali loti wopezeka kunja nthawi imeneyo ndi mdani. Tsiku lina bambo a Esnati adatumidwa kukakonza injini ya madzi kudamu, kutali. Pobwera njinga idaphulika tayala. Adafika chitsulo chitalira kale."

Anasisita mutu wa Esnati.

"Adaima pageti n'kuitana. Sadaitane mlonda, adaitana ine. 'Nabanda! Nabanda!' Ine ndili m'kati, ndagwira waya chonchi, iwo agwira mbali inayo, zala zathu zikukhudzana. Mlonda akulira nafe limodzi, kiyi alibe. Ndidawauza kuti pitani mukabisale m'munda, kukacha mubwere. Adapita. Mfuti tidazimva. Kaya adali asilikali, kaya anyamata a m'tchire, mpaka lero sindidziwa. Kutacha tidakawatola m'mphepete mwa munda. Tsono alangizi, inu mukuti ndilowe, a Soko akhome, ine ndigone tulo? Nanga wina akatsala panja?"

Ndinamva chisoni chachikulu, ndipo mkwiyo wanga wonse unathera pomwepo. Ndinayang'ana mudzi wanga wokongola uja, ndipo ndinaona kuti ife, ndi mtima wathu wabwino wonse, tinawamangira komponi yomwe anaithawa n'kuipaka penti watsopano. Ndinapita kwa a Nkhoma n'kuwauza kuti ndilamula a Soko azisiya geti lotsekula. Anapukusa mutu. "Kujanso masiku oyamba linkakhala lotsekula, bwana. Loko ali apo, kiyi ali ndi wina. Lidzatsekedwa ife tili m'tulo."

M'mawa mwake ndinapalasa njinga mpaka ku boma. Ndinawafotokozera a Kaphale zonse, osasiyako. Anamvetsera, ndipo ndinaona kuti zawakhudza, chifukwa anavula magalasi n'kumawapukuta nthawi yaitali.

"Ndamva chisoni, a Mwale. Koma kuno si ku Rodeziya, kuno kulibe woombera munthu. Mukawauze zimenezo."

"Akudziwa, bwana. Mutu ukudziwa, koma thupi likukana. Ndiloleni ndichotse geti."

"Muchotse geti la boma? M'katimo muli feteleza, muli nazale ya mudzi wonse, ndipo mbewu ina ine ndilibe. Nguluwe zikalowa mudzayankha ndinu? Iyayi. Geti likhale, loko akhale. Azolowera."

Masiku amenewo, ana anga, munthu unkayeza mawu usanawatulutse, ndipo kugwira katundu wa boma popanda chilolezo kukanatha kukufikitsa kumalo komwe abale ako sakanayerekeza kukakufunsa. Ndinabwerera kumwamba kuli bii. Ndinawauza mayi anu kuti ndikufuna kuchita chinthu chomwe chingandichotsetse ntchito, mwinanso kuposa pamenepo. Iwo anali akukusambitsa iwe Chikondi m'beseni, ndipo sanadzutse n'komwe mutu.

"Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mwamva ndinu, a Kaphale angouzidwa. Akakuchotsani, kwathu munda ulipo, ndipo khasu simudaliiwale, ngakhale mumalima mokhota."

Sindinafune kuchita mobisa ngati wakuba. Kutacha ndinadikira dzuwa likwere, anthu onse ali kunazale, n'kutenga sipanala ndi hamala. Ndinapempha a Nkhoma kuti amuna angapo andithandize, koma anakana. "Katundu wa boma ife sitigwira, bwana. Tidaona zambiri." Choncho tinalimbana ndi getilo awiri, ine ndi a Soko, iwo akung'ung'udza kuti ndawaphera ntchito. Mabawuti anali atagwira dzimbiri, ndipo chala ichi chomwe mumachiseka kuti n'chopindika chinapindikira pomwepo. Geti litagwa, fumbi linabuka. Tinalikokera m'udzu, ndinatsitsa chitsulo pamtengo, kenako ndinatenga ndowa ya laimu n'kufufuta manambala anga onse, chitseko ndi chitseko.

Anthu anasiya makheni n'kubwera kudzaonerera. Woyamba kusuntha anali a Nabanda. Anamugwira dzanja Esnati, anatuluka pakati pa mizati iwiri ija, analowa, anatulukanso, ngati munthu woyesa mlatho. Kenako anapita kukasenza mtolo wawo n'kulowa nawo osacheuka. Pofika madzulo pansi pa misuku panangotsala phulusa ndi mafuwa, ndipo utsi unkatuluka kuseri kwa nyumba iliyonse. Mvula inagwa sabata yomweyo, yamphamvu, ndipo inawapeza onse ali pansi pa malata.

Disembala 1980: nguluwe

Ndikanakonda nkhaniyi ithere pamenepo, koma walira mvula walira matope. M'mawa wina a Nkhoma anagogoda pakhomo panga nkhope itagwa. Nguluwe zinali zitalowa pampata uja. Mbande zinali zitatsala pang'ono kuwokeredwa, koma mabedi anali atafukulidwafukulidwa, ndipo mbali yaikulu inali itatheratu. Uthenga ndinatumiza ndekha ku boma, chifukwa mbiri yoipa ndi bwino ichokere kwa mwini wake.

A Kaphale anafika, anayendera nazale, anayang'ana geti lili gone m'udzu, anayang'ananso zitseko zopanda manambala. Mudzi wonse unali utasonkhana.

"A Mwale, ndidati chiyani?"

"Mudati nguluwe zidzalowa, bwana. Zalowa."

"Wachotsa geti ndani?"

"Ndine. A Soko ndidachita kuwakakamiza. Anthuwa sadaligwire n'komwe."

"Libwerere lero lomwe, ndi loko wake."

Kumbuyo kwanga ndinamva amayi akuitana ana, ndipo ndinadziwa kuti mitolo iyambanso kumangidwa. Pamenepo a Nkhoma anakodola amuna anzawo. Anthu omwe aja anakana kugwira katundu wa boma anapita m'udzu, ananyamula getilo pamapewa ngati denga la nkhokwe, n'kulikweza pamizati yake. A Nabanda anabwera ndi chingwe cha khonje chomwe anapota okha, n'kugwada patsogolo pa a Kaphale ndi ulemu wonse.

"Bwana, geti tikulifuna, taona tokha. Koma loko ayi. Tizimanga ndi ichi, mfundo ikhale apa pakati, poti wa m'kati afikepo, wakunja afikeponso. Nguluwe ilibe manja. Ndipo ndizimanga ndine, ndikayamba ndafunsa nyumba zonse ngati onse alowa."

A Kaphale anatenga loko m'manja mwa a Soko, anamuyang'ana, n'kumuika m'thumba la jekete. Za chingwe sananene kuti inde, sananenenso kuti ayi, ndipo kwa munthu ngati iwo kumeneko kunali kuvomera kwakukulu. Popita kugalimoto anandiuza motsitsa mawu:

"Nyumba zikhale zawo. Koma nazale ya boma yawonongeka, ndipo wina ayenera kuyankha. Ndilemba kuti mudalephera kusamala. Sindilemba kuti mudachita dala, chifukwa mukudziwa komwe mawu amenewo angakufikitseni."

Ndinawathokoza, ndipo mpaka lero ndimawathokoza. Za nguluwe ananena zoona ndi iwo, za anthu ndinanena zoona ndine. Chaka chimenecho tinayenda m'maesiteti kupempha mbande zotsala. Fodya anali wochepa, anthu anadya movutika, koma palibe banja lomwe linakwezedwa lole.

1981: kusamutsidwa

Amene anakwera lole ndine. Ananditumiza kumalire a kumpoto, komwe moni ndi "monire," ndipo anzanga omwe ndinayamba nawo ntchito anandipitirira mmodzimmodzi mpaka ena kukhala mabwana anga. Mukamadabwa kuti bambo anu anapuma pantchito ali ndi njinga pamene anzawo anali ndi magalimoto, chifukwa chake n'chimenechi. Sindidandaula, ndipo atandibwezera tsiku lija ndikhoza kutenganso sipanala yomweyo. Tsiku lonyamuka a Nabanda anabweretsa nkhuku yomanga miyendo n'kuipereka kwa mayi anu. Kwa ine anangoti, "Pitani bwino, alangizi. Kuno n'kwanu, mwangotuluka."

Chaka chatha

Ndinalonjeza kuti ndidzabwera msanga, koma mukudziwa mmene ntchito ndi ana zimadyera zaka. Mayi anu anatisiya ndisanawatengerekonso. Chaka chatha ndi pomwe iwe Chikondi unandinyamula pagalimoto yako, ndipo chifukwa cha msewu uja tinafika dzuwa litangolowa. Malowo sindikanawazindikira. Sikimu ya boma inatha kalekale. Mizere ya a Kaphale inasokonezeka ndi makhitchini, makola ndi nyumba za zidzukulu, pali tchalitchi, pali chigayo, ndipo anthu amangoti kwa Matchona ngakhale ambiri okhalamo sanaonepo malire a dziko. Waya anatha, anthu anamangira makola a nkhuku, nguluwe nazo zinathawira kutali. Koma geti linalipo, lili lokhalokha pakati pa mizati yake iwiri, kumanzere kuli pululu, kumanja kuli pululu, mbuzi zikudutsa m'mbali. Linali lomanga ndi chingwe chatsopano.

Iwe unaseka, ukukumbuka, unati, "Bambo, tingodutsa m'mbalimu ngati mbuzizi." Ine ndinatsika, ndinapita pageti, n'kumasula mfundoyo ndi chala changa chopindikachi. Inamasuka mosavuta. Ndikulowa, mayi wina wa imvi zoyamba kumene anatuluka m'nyumba yapafupi akupukuta manja pachitenje, n'kuima akundiyang'anitsitsa.

"Kuno aliyense amadutsa m'mbali. Womasula chingwe ndi munthu wakale. Kodi si alangizi a Mwale inu?"

"Ndine, mayi. Nanga inu ndani?"

"Ndine Esnati, wa chifuwa uja."

Tinakhala pakhonde. Anandiuza kuti a Nabanda anamwalira zaka zapitazo, atakalamba bwino, ndipo anaikidwa kumanda a mudzi womwewo. Chingwe anamanga okha mpaka manja atayamba kunjenjemera, kenako anasiyira iye. Ndinafunsa chifukwa chomangira geti lopanda mpanda.

"Amayi adatero. Madzulo alionse ankayenda khomo ndi khomo, 'Onse alowa? Onse alowa?' Akamaliza ankabwera apa, n'kumanga, n'kunena kuti, 'Atsala awiri, musalimbitse mfundo.' Ine ndili mwana ndinkadziwa kuti mmodzi ndi bambo anga. Winayo ndidafunsa nditakula. Adati ndi alangizi, adatuluka chifukwa cha ife."

Ine munthu amene sindinagwetse msozi pamaso pa a Kaphale, ndinalira pakhonde limenelo, iwe ukuona. Esnati anandisiya ndilire. Kenako ananyamuka, anapita pageti lomwe ndinalisiya lotsekula, analikoka, n'kumanga chingwe mofewa monga anaphunzitsidwira. Pobwerera anandiuza kuti:

"Mwachedwa, alangizi, koma mwalowa. Tsopano atsala bambo okha."